Mbale ya Agogo Ricardina

Chaka chimene sukulu zinatsekedwa, msewu wa ku Raffingora unagona tulo. Makombi onyamula anthu anasiya kudutsa, fumbi linakhazikika pa masamba a bulugamu, ndipo ukaima kumapeto kwa komboni ya antchito a pa famu unkamva njiwa ikulira kutsidya kwa damu ngati ili paphewa pako. Rutendo anali atangoyamba Fomu 3. Yunifolomu yake inatsala pa msomali kuseri kwa chitseko, ndipo kamphepo kakalowa inkagwedeza mkono ngati muli mtsikana wina wosaoneka amene akufuna kuyankha funso. Rutendo mwini wake anali asanakwezepo dzanja m'kalasi. Munthu akamuyang'ana, mawu ake ankathawira m'mimba.

Sabata yachiwiri ya lokudauni kunabwera mayi wa zaumoyo, amene onse ankangomutcha mbuya utano. Anatsamiritsa njinga yake pa mjigo, n'kuimika amayi a pa komboni motalikirana ngati mapesi otsala m'munda. Anati nthenda ya korona imakonda okalamba, choncho nkhalamba zikhale m'nyumba. Amayi anayang'anana. Pa komboni panali nkhalamba zisanu ndi imodzi zopanda mwana kapena mdzukulu pafupi, anthu amene anabwera kalekale kuchokera ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Angonia kudzathyola fodya wa azungu, ana awo n'kubalalika pamene famu inagawidwa. Nkhalamba zimenezi zinkadya poyenda, m'mawa pakhomo ili, masana pakhomo ilo, ndipo palibe ankadandaula. Nanga zikatsekeredwa, zidya chiyani?

Amayi anagawana pomwepo. Mabanja asanu ndi limodzi anatenga nkhalamba imodziimodzi, otsalawo n'kumasonkha ufa, nyemba ndi nkhuni.

"Musambe m'manja ndi sopo," anatero mbuya utano. "Mutseke mphuno ndi pakamwa. Mbale muike pakhomo, mugogode, muchokepo. Osalowa, osacheza. Ngati mumawakonda, muwatalikire."

Amayi ake a Rutendo, aAgatha, anatenga agogo Ricardina. Koma iwo ankalawirira kupita ku shedi yosankhira fodya ya mwini munda watsopano, kubwerako dzuwa litapendeka, choncho yonyamula mbale inagwera Rutendo. Masiki anamusokera okha kuchokera ku chitenje chakale chofiira cha madontho oyera, ndipo madonthowo anangogwera pamzere, pakamwa penipeni. Rutendo atavala anamva bwino, sanauze munthu. Kunali ngati wapeza kachipinda kakekake koyenda nako.

Agogo Ricardina ankakhala nyumba yomalizira, kufupi ndi mabulugamu amene kuseri kwake kuli manda. Maso awo anali atachita ng'ala, ankaona anthu ngati mithunzi ya m'madzi. Mutu nawo unkapita n'kubwera. Tsiku lina ankadziwa aliyense ndi dzina la agogo ake, tsiku lina ankafunsa ngati mzungu waliza kale belu. Amuna awo, a Estevao, anali atagona ku mabulugamuko zaka khumi ndi ziwiri.

Tsiku loyamba Rutendo anadzera njira yachidule ya m'mitengomo kuti asakumane ndi anthu. Anaika mbale pakhomo, anagogoda katatu, n'kubwerera chafutambuyo. Chitseko chinatseguka pang'ono, mpata wa diso limodzi. Kenako chinatsekeka, ndipo anamva mtengo ukukhomeredwa kuseri kwake.

M'mawa mwake mbale ija sinali pakhomo. Anaipeza pa mphambano, pamene njira ya ku manda imasiyana ndi ya ku mjigo. Inali yovindikira bwinobwino ndi tsamba la nthochi, mbatata zili momwemo, nyerere zikuchita ukwati. Pambali pake panali kamulu ka mtedza ndi kafodya kofwenkha pa chipepala.

Rutendo anatola mbale ija, n'kukutumula nyerere. Kenako anakhuthulira agalu mbatata zija, anatsuka mbale pa mjigo, n'kukasiya ina pakhomo monga dzulo.

"Adya?" anafunsa amayi ake madzulo, akupukuta manja akuda ndi phula la fodya.

"Adya."

Liwu limodzi lokha, lopepuka ngati nthenga. Analitulutsa chifukwa amayi ake anali atatopa, komanso chifukwa kufotokoza kunkafuna mawu ambiri, ndipo iye ankaopa kuti amufunsa kuti walakwitsa pati. Anadziuza kuti mawa adya. Mawa linafika, mbale inali pa mphambano. Mkuja chimodzimodzi, koma kamulu ka mtedza kanali katachepa, njere zisanu ndi ziwiri basi, ndipo Rutendo anazindikira kuti agogo akukokota pansi pa kathumba kawo. Masiku amenewo ankayenda ngati munthu wa m'maloto, uja amathamanga koma miyendo osasuntha. Nkhalamba zinazo zinkabweza mbale zonyambita. A Lazalo a pa mzere wachitatu ankatumiza ngakhale madandaulo kuti nyemba sizinapse. Nyumba yomalizira yokha ndi imene inali zii, yopanda utsi.

Tsiku lachinayi atagogoda sanachoke msanga. Anamva kupuma kuseri kwa chitseko, kenako mawu owuma ngati makoko a chimanga.

"Bwererani. Ndakusupani kale. Mtedza watha, fodya watha, mukufunanso chiyani? Sindinafe ine. Bwererani kudambwe."

Rutendo anali wa ku tchalitchi, koma wobadwira pa komboni sangalephere kudziwa dambwe. Ndi kumalo kobisika kumene kumachokera zilombo za gule wamkulu, zimene anzake achishona kusukulu ankazitcha zvigure. Ankadziwanso kuti kusupa ndi kuponyera chilombo kamphatso. Koma zimenezi zikugwirizana bwanji ndi mbatata za amayi ake? Munthu wodziwa analipo mmodzi, a Simao, amene ankatsogolera zilombo panjira ndi maseche kukagwa maliro. Anazungulira balani yowotchera fodya kawiri asanalimbe mtima.

A Simao anali atanyonyomala pa ng'anjo, akukankhira chikuni mkati.

"Odi, asekuru," anatero Rutendo, kuwatcha agogo m'Chishona.

"Aa, ndi mkazi wanga wamng'ono! Wabisa kamwa kuti ndisaone kuti wandidyera ndiwo? Ima pomwepo, mbuya utano angatimange tonse."

Rutendo anafotokoza akuyang'ana zala za kumapazi. Mbale, mphambano, mtedza, mawu aja, ndi bodza limene anauza amayi ake. A Simao anasiya chikuni.

"Ukafika umati odi?"

"Ndimagogoda."

"Umagwada?"

"Anati tisachedwe."

"Umalankhula?"

Anapukusa mutu.

"Umadzera njira iti?"

"Ya ku mabulugamu."

A Simao anaseka mpaka kutsokomola, koma kusekako kunathera panjira. Anamuyang'ana pakamwa, pa madontho oyera aja.

"Chinthu chofiira kumaso, mano ali mbee, chotulukira kumanda, chosalankhula, chogogoda n'kubwerera chafutambuyo. Ukanakhala iwe, wa maso a ng'ala, ukanati n'chiyani? Izi sindiyenera kukamba ndi mwana wamkazi, koma pali moyo wa munthu. Zilombo zikafika pakhomo, ndiye kuti m'nyumbamo muli maliro. Zinafika pakhomo lomwelo tsiku la Estevao, ndinazitsogolera ndine. Mayi uja akuona ngati zabwera msanga, zadzamudikirira. Mbale yako akuibweza ngati chosupa, kuti zinyengeke zipite."

"Ndiye pitani inu mukawauze, asekuru."

"Ine? Akangomva mawu anga pakhomo pake agona chagada n'kudzitseka maso yekha."

"Ndivule masiki, ndilowe?"

A Simao anatokosa moto kanthawi. "Amako amaswera m'shedi ndi anthu makumi anayi, onse akutsokomola. Ndani angasiyanitse chifuwa cha fodya ndi chinacho? Ukalowa ndi mpweya wako, mwina ndiwe uwaitanire zilombo zenizeni. Pita ukawauze amako. Bodza lako lagona masiku awiri, layamba kununkha."

Anawauza madzulo omwewo, atangotula chikwama. AAgatha sanakalipe, ndipo Rutendo akanakonda akanakalipa. Anangomangirira chitenje, kuvala masiki, n'kulunjika ku nyumba yomalizira, Rutendo ali pambuyo.

"Odi, agogo! Ndine Agatha, mwana wa malemu Yeremiya. Tsegulani, tabwera ndi chakudya."

AAgatha anasendera pafupi ndi chitseko.

"Agogo, si ine munandisambitsa ndili wakhanda? Mawu anga mwawaiwala?"

"Zilombo zimadziwa maina a anthu onse," anayankha mawu aja, otsika kuposa m'mawa. "Zimadziwa ndi mawu omwe."

Pobwerera, atafika pa mjigo, aAgatha anatembenukira kwa Rutendo. "Ine mawa ndikajomba, malo anga atenga wina, tonse tigona ndi njala. Iwe upite m'mawa, udzere njira ya anthu, ukhale pomwepo tsiku lonse. Ndikabwerako asanadye, ndiitana abambo athyole chitseko."

Rutendo anaona m'mutu mwake amuna anayi ophimba kumaso akuthyola chitseko chija, ndi agogo Ricardina ali pa mphasa akuwaona ngati mithunzi. Mtima unamuuza kuti zikadzatero, mbale idzafika mochedwa.

Kutacha amayi ake anaphika nhopi, maungu oponda ndi chiponde, chakudya chofewa choti m'mimba mouma mulandire. Rutendo anamupatsa masiki ena oyera, ndi chimanga chokazinga chodzaza dzanja kuti atafune masana. Anadzera njira ya ku mjigo. Anagwada pakhomo, anaika mbale, anati odi. Mawu ake anathera m'nsalu. Anabwereza mokweza, mpaka anadzidabwa yekha. Kuseri kwa chitseko kunali kupuma kokha, kwapang'onopang'ono, ngati madzi akudontha m'ndowa.

Anawerenga mapazi asanu ndi atatu kuchokera pakhomo, n'kukhala pa tayala lakale la thirakitala, pansi pa mtengo wa mapeyala.

Dzuwa linakwera. Utsi wa ku mabalani unkayenda chogona pamwamba pa minda, wabuluu, wonunkhira ngati buledi wopserera, ndipo mapiri akutali ankaoneka ngati akuyandama pamwamba pake. Anamzeze ankalowa ndi kutuluka pansi pa denga la agogo. Rutendo anaganiza za mtsikana wina amene anawoloka mitsinje kuchokera ku Angonia, mtolo uli pamutu, akutsata mnyamata wotchedwa Estevao. Anayesa kumupatsa nkhope, koma nkhope iliyonse inkasungunuka n'kukhala yake. Anaganiza kuti mwina dziko lonse latsekeredwa m'nyumba imodzi yaikulu, ndipo kunja kukuyenda wina ndi mbale, akugogoda, anthu osamutsegulira. Anasinza, anadzidzimuka, anatchinga mbale ku nkhuku, anabwerera pa tayala. Anayesa kuimba nyimbo ya ku Sande sukulu, koma inamveka ngati kulira kwa udzudzu, ndipo anaileka.

Mthunzi wa mtengo utafika pamapazi ake, m'mimba munalira. Anayang'ana uku ndi uku. Kunalibe munthu, chitseko chinali patali, ndipo mphepo inkachokera ku nyumba kupita ku minda. Anatsitsa masiki mpaka pachibwano, n'kuponya njere zitatu m'kamwa.

Kukutu. Kukutu.

M'bata la tsiku limenelo, kutafunako kunamveka ngati munthu akuswa miyala. Rutendo anachita manyazi ngakhale anali yekha. Anameza, n'kuponyanso zina.

Kuseri kwa chitseko kunamveka khwekhwerere, mtengo ukukokedwa pansi. Chitseko chinatseguka mpata wa diso, kenako wa nkhope. Agogo Ricardina anali atakhala pansi, atatsamira mphuthu, milomo itang'ambika, mpango utagwera paphewa. Anapendeketsa mutu, khutu kutsogolo.

"Akukukuta ndani apo?"

Rutendo anameza msanga. "Ndine, agogo."

"Tafunanso."

Anatafuna. Kukutu.

"Chimanga chokazinga," anatero agogo, ngati akutchula dzina la m'bale wawo. "Cha mchere?"

"Cha mchere."

"Hmm. Chibadwire changa sindinaone chilombo chikudya pamene akazi akumva. Chilombo chilibe njala, chilibe m'mimba. Ndiwe munthu iwe. Ndiwe wa yani?"

"Wa aAgatha. Rutendo."

"Kamtsikana kaja kosayang'ana anthu? Iwe mwanawe, unali kuti masiku onsewa? Pakhomo pano pavuta. Zakhala zikubwera m'mawa uliwonse, chofiira, mano panja. Dzulo zinabwera ziwiri, china chikuyerekeza amako."

Rutendo anatsegula pakamwa kuti anene kuti chofiiracho anali iye. Anayang'ana manja owonda a agogo pa mphuthu, ndipo anaona kuti nkhaniyo ikhoza kudikira, nhopi ndi imene singadikire.

"Lero sizibwera, agogo. Ndakhala pano kuyambira m'mawa. Pali mbale pafupi ndi bondo lanu, kumanja. Amayi aphika nhopi."

Dzanja linafufuza, linapeza mbale, linavundukula. Agogo ananunkhiza nthawi yaitali, maso ali chitsinzinire. Koma sanadye.

"Sendera kuno tidye."

Rutendo anaona kuti apa pavuta. Akakana, chitseko chikhoza kutsekekanso. Akasendera, asendera ndi mpweya wa m'shedi yonse.

"Sindingasendere, agogo. Kunja kuno kwagwa nthenda. Imayenda ndi mpweya wa munthu, ndipo imagwira kwambiri akuluakulu. N'chifukwa chake anthu akumanga nsalu pakamwa."

"Nsalu pakamwa?"

"Eya. Aliyense. Ngakhale abusa."

Agogo anatembenuzira nkhope kuminda. Rutendo anaganiza kuti mutu wawo wapitanso kutali, ndipo unalidi utapita, koma unabwerako ndi kanthu.

"Ngati nthomba," anatero. "Ndili kamtsikana kwathu, nthomba itagwa, odwala ankawamangira msasa kutchire. Chakudya tinkasiya pa mwala, n'kuimba mluzu, n'kuthawa. Achemwali anga anadyera pa mwala mwezi wathunthu. Anachira, koma nkhope ngati chisa cha njuchi."

"Ndi chimodzimodzi, agogo."

"Ndiye wodwala ndani, ine kapena iwe?"

"Palibe."

"Palibe?"

"Tikungoopa."

Agogo anaseka, kuseka kopanda mawu, mapewa okha akugwedera. "Dziko la masiku ano. Kuthawana opanda chilonda. Chabwino, khala pa mwala pakopo. Koma ine sindidya ndekha ngati mfiti. Tafuna ndimve."

Rutendo anaponya njere m'kamwa. Kukutu. Agogo anatapa nhopi ndi zala ziwiri, anaika pa lilime, anaisunga m'kamwa nthawi yaitali asanameze. Kenako anaima, zala zili m'mwamba, khutu kutsogolo, akudikira. Rutendo anazindikira kuti iye akapanda kutafuna, dzanja lija silibwerera m'mbale.

Anatsegula chikhato chake. Munatsala njere zochepa, ndipo mbale inali yodzaza. Anayamba kudya imodziimodzi, kuiluma pakati ndi mano a kutsogolo kuti ilire kawiri, pakamwa pali yasa, mmene amayi ake ankamuletsera kuyambira ali mwana. Iye kukutu, agogo n'kutapa. Iye kukutu, agogo n'kutapa. Nkhuku zinabwera kudzaonerera. Mayi wina wochokera ku mjigo anaima panjira ndi chidebe pamutu, ndipo Rutendo anamva maso ake pa tsaya ngati moto, koma sanatseke pakamwa. Anangomukodola kuti apitirire mwakachetechete.

Pakati pa mbale agogo anapempha madzi. Rutendo anakweza masiki, anawauza kaye kuti, "Ndamanga nsalu ija, agogo, ndine ndemwe, ndikubwera ndi botolo," ndipo ankalankhulabe njira yonse, mapazi asanu ndi atatu kupita, asanu ndi atatu kubwerera, mawu ambiri kuposa amene analankhula sabata yonseyo. Agogo anamwa, madzi ena akutsikira m'khosi mpaka pachifuwa.

Njere yomaliza anaigawa patatu. Itatha, m'mbale munali mutatsala pang'ono pambali, ndipo agogo anakokota okha osadikira, n'kunyambita zala chimodzichimodzi. Anatsamira mphuthu, nkhope kuloza kudzuwa, akupuma ngati munthu amene wafika pamwamba pa chitunda.

"Uwauze amako kuti chiponde asamaumire, si mankhwala," anatero. "Ndipo mawa ubwere ndi chimanga chambiri. Umadya ngati mbewa yodwala."